Maria Jacobsen: namwino amene adaona kuphedwa kwa Aarmenia nalera ana otsala

Mayi Maria Jacobsen adali namwino komanso mmishonale wa ku Denmark. Adabadwa pa 6 Novembala 1883 ndipo adamwalira pa 6 Epulo 1960 ku Lebanon. Amakumbukiridwa pa zinthu ziwiri. Choyamba, adali mumzinda wa Harput, kum'mawa kwa dziko lomwe lero ndi Turkey, pamene boma la Ottoman lidasamutsa ndi kupha anthu a mtundu wa Armenia mu 1915, ndipo zimene ankaona ankazilemba tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, adasamala ana amasiye zikwizikwi amene adapulumuka, ndipo ntchitoyi sadaisiye mpaka imfa yawo. Ana amene adawalera sankawatchula dzina. Ankangoti "Mama".

Chaka chilichonse pa 24 Epulo, Aarmenia kulikonse komwe ali amakumbukira abale awo amene adaphedwa nthawi imeneyo. Pa mwambowu amatchulanso alendo ochepa amene adali ndi mpata wobwerera kwawo koma adasankha kukhala. Mayi Jacobsen ndi mmodzi mwa iwo.

Aarmenia ndi ndani?

Aarmenia ndi mtundu wakale kwambiri. Kwawo ndi kumapiri ozungulira phiri la Ararat, komwe kumachokera mtsinje wa Euphrates, womwe Baibulo limautcha Firate. Ali ndi chilankhulo chawo, mpingo wawo, ndiponso zilembo zawozawo zomwe adazikonza Mesrop Mashtots cha m'ma 405. Mbiri yawo imati ufumu wa Armenia udalandira Chikhristu mu 301, maufumu ena onse asanatero.

Dziko la Armenia la masiku ano, lomwe likulu lake ndi Yerevan, ndi kagawo chabe ka dera lomwe mtunduwu unkakhala. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke mu 1914, Aarmenia pakati pa 1.5 miliyoni ndi 2 miliyoni ankakhala mu ufumu wa Ottoman, womwe likulu lake lidali Constantinople, mzinda womwe lero ndi Istanbul. Ambiri adali alimi akumudzi. Ena adali amisiri, amalonda, aphunzitsi ndi madokotala. Dzina la Muarmenia limene anthu olankhula Chipwitikizi amalidziwa bwino ndi la Calouste Gulbenkian, yemwe adabadwira ku Constantinople mu 1869 namwalira ku Lisbon mu 1955. Bungwe lotchedwa dzina lake limathandiza pa maphunziro ndi zaumoyo m'maiko a mu Africa olankhula Chipwitikizi, kuphatikizapo Mozambique.

Nkhanza kwa Aarmenia sizidayambe mu 1915. Pakati pa 1894 ndi 1896, mu ulamuliro wa Sultan Abdul Hamid II, Aarmenia osachepera 100,000 adaphedwa. Nkhaniyi idamveka m'nyuzipepala ndi m'matchalitchi a ku Ulaya, ndipo mabungwe ambiri adayamba kutumiza anthu okasamala ana amasiye. Limodzi mwa mabungwewa lidali la amayi a ku Denmark lotchedwa Kvindelige Missions Arbejdere, mwachidule KMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1900. Dzinali limatanthauza amayi ogwira ntchito ya mishoni.

Ulendo wa ku Harput

Mayi Jacobsen adabadwira m'mudzi wa Siim, kufupi ndi Ry, ndipo adakulira ku Horsens. Adaphunzira unamwino ku Copenhagen. Mu 1907, ali ndi zaka pafupifupi 24, bungwe la KMA lidawatumiza ku Harput.

Harput udali mzinda wakale womangidwa pamwamba pa phiri. M'munsi mwake, pachigwa, padali mzinda wa Mezreh, komwe kunkakhala bwanamkubwa wa chigawocho. Lero dera lonseli limatchedwa Elazığ. Amishonale a ku America adali ndi mishoni yaikulu kumeneko: sukulu yapamwamba ya Euphrates College, sukulu za ana ndi chipatala. Mayi Jacobsen adagwira ntchito limodzi ndi amishonalewa, kuthandiza odwala, ndipo adaphunzira Chiarmenia kuti azimvana ndi anthu popanda womasulira. Mnzawo wa ku Denmark, Mayi Karen Marie Petersen, ankayang'anira nyumba ya ana amasiye ya KMA yotchedwa Emaus ku Mezreh.

Chiyambire ulendowu, Mayi Jacobsen adali ndi chizolowezi cholemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'chilankhulo cha kwawo. Zaka zoyambirira adalemba za odwala, mapemphero, nyengo ndi maulendo. Palibe amene akadaganiza kuti zolembazo zidzakhala umboni wa mbiri.

Chaka cha 1915

Ufumu wa Ottoman udalowa m'nkhondo kumapeto kwa 1914, kumbali ya Germany. Mphamvu zidali m'manja mwa chipani cha Committee of Union and Progress, makamaka atsogoleri atatu: Talaat Pasha, nduna ya za m'dziko, Enver Pasha, nduna ya zankhondo, ndi Djemal Pasha. Mu Januwale 1915, asilikali a Enver adagonja koopsa ku Sarikamish pomenyana ndi Russia. Atsogoleriwo adaloza chala Aarmenia kuti akugwirizana ndi adani. Aarmenia amene adali m'gulu la asilikali adalandidwa mfuti ndi kupatsidwa ntchito yokonza misewu ndi kusenza katundu, ndipo ambiri adaphedwera komweko. Pa 24 Epulo, apolisi a ku Constantinople adamanga atsogoleri, olemba mabuku, aphunzitsi ndi ansembe a Chiarmenia oposa 200. Kumapeto kwa Meyi, boma lidakhazikitsa lamulo lololeza kusamutsa anthu.

Ku Harput zinthu zidayenda motsatana. Mu Meyi adayamba kumanga amuna odziwika, kuphatikizapo aphunzitsi a ku Euphrates College, ndipo m'ndende ankawazunza powafunsa komwe abisa mfuti. Mu Juni, amuna mazanamazana ankatulutsidwa m'ndende usiku atamangidwa zingwe, ndipo sankabwereranso. Kumapeto kwa mwezi womwewo, wolengeza adayenda m'misewu kuuza Aarmenia onse kuti akonzeke kusamuka m'masiku ochepa. Mabanja adagulitsa katundu wawo pamtengo wotaya. Gulu loyamba lidanyamuka ku Mezreh pa 1 Julayi, moperekezedwa ndi apolisi a mfuti.

Boma linkati anthuwo akusamutsidwira kumalo ena chifukwa cha nkhondo. Mayi Jacobsen sadakhulupirire zimenezo. M'masiku omwewo, anthu asanathe n'kuchoka komwe, adalemba kuti cholinga cha ulendowo chidali kufafaniza mtundu wonse.

Harput udali pamphambano ya misewu yochokera kumpoto. Choncho m'mwezi wa Julayi mudayamba kufika magulu a anthu osamutsidwa kuchokera ku Erzurum, Erzincan ndi madera ena. Adali atayenda pansi milungu ingapo. Pakati pawo amuna adali owerengeka, chifukwa ambiri adaphedwa m'njira. Amayi ndi ana adali ndi njala ndi ludzu, zovala zitang'ambika, ena akudwala. Ankawagoneka panja kunja kwa Mezreh, kenako n'kuwapitiriza ulendo wolowera kum'mwera. Amishonale akaloledwa kufika pamalowo ndi buledi, amayi ankawapempha kuti atenge ana awo, podziwa kuti kutsogoloko kulibe moyo. Atsikana ndi ana ambiri adatengedwa mokakamiza kupita m'mabanja a eni dera ndi kusinthidwa chipembedzo.

Ambiri mwa osamutsidwawo sadafike patali. Kum'mwera kwa Harput kuli nyanja ya Göljük, yomwe lero imatchedwa Hazar. Woimira boma la America ku Harput, Leslie Davis, adapita kunyanjayi pa kavalo chakumapeto kwa 1915, ulendo wina ali ndi dokotala wa mishoni, Dr Atkinson. M'zigwa zozungulira nyanjayo adapeza mitembo yomwe Davis adaiyerekeza kuti idali pafupifupi 10,000, yambiri ya amayi ndi ana. Amene adapulumuka m'njira adakafika ku chipululu cha Syria, kumisasa ya ku Ras al-Ayn ndi Deir ez-Zor, komwe njala, matenda ndi kupha kwina kwa mu 1916 kudamaliza ambiri.

Si onse m'deralo amene adagwirizana ndi zimenezi. Mabanja ena a Chisilamu adabisa anzawo a Chiarmenia, ngakhale mkulu wa asilikali a m'chigawocho, Mahmud Kamil Pasha, adalamula kuti aliyense wobisa Muarmenia anyongedwe pakhomo pake ndipo nyumba yake itenthedwe. Akurdi a kumapiri a Dersim, kumpoto kwa Harput, adaolotsa anthu ambiri pamtsinje wa Euphrates ndi kuwathandiza kuthawira kudera lomwe lidali m'manja mwa Russia.

Kutsala ndi ana

Kusamutsa kutachepa, m'misewu ya Harput ndi Mezreh mudatsala akazi amasiye ndi ana opanda kwawo. Ena adatuluka komwe adabisala. Ena adathamangitsidwa m'mabanja omwe adawatenga, chakudya chitayamba kusowa. Mitengo ya tirigu idakwera kwambiri, ndipo nyengo yozizira kumeneko kumagwa chipale. Matenda a typhus, omwe amafala kudzera mu nsabwe za m'zovala pomwe anthu athithikana opanda sopo kapena zovala zosinthira, adapha anthu ambiri. Dr Atkinson yemwe adamwalira ndi matendawa mu Disembala 1915.

Ndalama zothandizira zinkachokera makamaka ku America. Mu Seputembala 1915, kazembe wa America ku Constantinople, Henry Morgenthau, atadziwitsa boma lake zomwe zinkachitika, ku New York kudakhazikitsidwa komiti yothandiza Aarmenia ndi anthu a ku Syria. Komitiyi ndiyo idadzatchedwa Near East Relief.

Mu Epulo 1917, America italowa m'nkhondo yolimbana ndi Germany, boma la Ottoman lidathetsa ubale ndi America. Davis ndi pafupifupi amishonale onse a ku America adachoka ku Harput. Dziko la Denmark silidali mbali iliyonse m'nkhondoyo, choncho Mayi Jacobsen adali ndi ufulu wochoka kapena kukhala. Iwo adakhala, ndipo udindo wa ntchito yomwe anzawowo adasiya udagwera pa iwo. Kwa zaka ziwiri, tsiku lililonse funso lidali limodzi: ana adya chiyani lero? Olemba mbiri yawo amati ana amene adadutsa m'manja mwawo nthawi imeneyo adali pafupifupi 3,600. Mwa anawa, atsikana atatu adawatenga kukhala ana awoawo.

Nkhondo idatha mu 1918, ndipo mu 1919 ogwira ntchito a Near East Relief adafika ku Harput. Mayi Jacobsen, omwenso adadwala typhus thupi n'kufooka, adapereka ana m'manja mwawo nabwerera ku Denmark. Zolemba zawo za tsiku ndi tsiku zimathera chaka chomwecho. Kenako adapita ku America, komwe adayenda m'mizinda kufotokoza zomwe adaona ndi kupempha ndalama zothandizira ana.

Chisa cha Mbalame

Mayi Jacobsen ankafuna kubwerera ku Harput, koma sizidatheke. Ku Turkey kudali nkhondo ina, ndipo olamulira atsopano sankafuna amishonale m'deralo. Mu 1922, bungwe la Near East Relief lidayamba kutulutsa ana amasiye m'dzikolo kupita nawo ku Syria, Lebanon ndi Greece. Jakob Künzler wa ku Switzerland ndi mkazi wake adasamutsa ana pafupifupi 8,000, ambiri mwa iwo ochokera kudera la Harput. Mayi Jacobsen adapita ku Lebanon chaka chomwecho kukalandira ana.

Adayambira ku Zouk Mikael, kufupi ndi Beirut, kenako adasamukira ku Sidon. Mu 1928, bungwe la KMA lidagula malo omwe kale adali a Near East Relief mumzinda wa Jbeil, womwe umadziwikanso kuti Byblos, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean kumpoto kwa Beirut. Nyumba ya anayi idatchedwa Chisa cha Mbalame, m'Chiarmenia Trchnots Pouyn. Nkhani yomwe imakambidwa ndi yakuti tsiku lina Mayi Jacobsen akugawa maswiti, ana adawaunjirira atatambasula manja uku akuitana, ndipo iwo adawayerekeza ndi tiana ta mbalame toyasama kukamwa m'chisa.

Ku Chisa cha Mbalame ana sankangopatsidwa chakudya ndi pogona. Ankaphunzira sukulu m'Chiarmenia, komanso ntchito zamanja zoti adzadzidalire nazo akakula. Nkhani ya chilankhulo idali yofunika, chifukwa ana ena adali atakhala zaka m'mabanja a eni ena mpaka kuiwala chilankhulo cha makolo awo, ena ngakhale dzina lawo lenileni. Ana a 1915 atakula, nyumbayi idapitiriza kulandira ana a mabanja osauka ochokera kumisasa ya Aarmenia othawa kwawo ku Lebanon.

Mu 1950, Mayi Jacobsen adalandira mendulo yagolide ya ufumu wa Denmark, ndipo mu 1954 boma la Lebanon lidawapatsanso mendulo yaulemu. Atamwalira mu 1960, adaikidwa m'bwalo la Chisa cha Mbalame momwemo, monga mwa kufuna kwawo. Mchemwali wawo, yemwe adawatsatira ku Lebanon, adapitiriza ntchitoyo. Pambuyo pake malowa adaperekedwa ku mpingo wa Aarmenia, kulikulu lake la Cilicia lomwe lili ku Antelias.

Chifukwa chake zolemba zawo n'zofunika

M'nthawi ya nkhondo, makalata otuluka mu ufumu wa Ottoman ankawerengedwa ndi boma, ndipo kusunga zolemba zonena za kuphedwa kwa Aarmenia kudali kuika moyo pachiswe. Mayi Jacobsen adakwanitsa kutuluka ndi zolemba zawo m'dzikolo, koma sizidasindikizidwe iwo ali moyo. Zidatuluka koyamba m'Chiarmenia mu 1979 ku Antelias. Mu 2001, bungwe la Gomidas Institute lidazisindikiza m'Chingerezi pamutu wakuti Diaries of a Danish Missionary: Harpoot, 1907–1919, mokonzedwa ndi katswiri wa mbiri Ara Sarafian.

Akatswiri amazipatsa ulemu zolembazi pa zifukwa zitatu. Choyamba, zidalembedwa pa nthawi yomwe zinthuzo zinkachitika, ndi masiku ake, osati pokumbukira patapita zaka. Chachiwiri, wolembayo adachokera kudziko lomwe silinkamenya nawo nkhondo, ndipo sankalembera nyuzipepala kapena boma lililonse. Chachitatu, zimagwirizana ndi maumboni ena a ku Harput komweko omwe adalembedwa paokhapaokha: lipoti la Leslie Davis, lomwe lidasindikizidwa mu 1989 pamutu wakuti The Slaughterhouse Province, buku la mmishonale Henry Riggs, ndi zolemba za Mayi Tacy Atkinson, mkazi wa dokotala uja. Anthu anayi, aliyense kulemba payekha, akunena za kumanga amuna komweko, kulengeza komweko ndi magulu omwewo a amayi ndi ana.

Amayi ena a kumpoto kwa Ulaya adasiyanso umboni wochokera kumadera ena. Bodil Biørn wa ku Norway ndi Alma Johansson wa ku Sweden adali ku Mush. Karen Jeppe wa ku Denmark adali ku Urfa, komwe adabisa Aarmenia m'nyumba mwake, ndipo pambuyo pake ku Aleppo adatsogolera ntchito ya League of Nations yowombola amayi ndi ana amene adatengedwa mokakamiza.

Mkangano womwe udakalipo

Chiwerengero cha Aarmenia amene adafa chimasiyana malinga ndi wowerenga. Akatswiri ambiri amachiika pakati pa 600,000 ndi 1.5 miliyoni, ndipo Aarmenia eni ake amatchula 1.5 miliyoni. Akhristu ena a mu ufumuwo, Asuri ndi Agiriki, nawonso adaphedwa ambiri m'zaka zomwezo.

Nkhondo itatha, makhoti a asilikali a boma la Ottoman lomwelo adazenga milandu mu 1919 ndi 1920, ndipo adagamula kuti Talaat, Enver ndi Djemal aphedwe. Koma atatuwa adali atathawa kale. Talaat adawomberedwa ku Berlin pa 15 Marichi 1921 ndi Muarmenia wina, Soghomon Tehlirian, yemwe khoti la ku Germany lidamumasula. Mlanduwu udakhudza wophunzira wina wa ku Poland, Raphael Lemkin. Iye adadabwa kuti kupha munthu mmodzi ndi mlandu, koma padalibe lamulo la maiko lolanga wopha mtundu wonse. Mu 1944 adapanga mawu akuti genocide, omwe m'Chipwitikizi amati genocídio, kutanthauza chiwembu chofafaniza mtundu wa anthu. Pa 9 Disembala 1948, bungwe la United Nations lidavomereza pangano loletsa ndi kulanga mlanduwu. Mozambique idalowa m'panganoli mu 1983.

Boma la Turkey limavomereza kuti Aarmenia ambiri adafa, koma limakana kuti padali chiwembu chofafaniza mtundu. Limati kusamutsako kudali njira yodzitetezera pankhondo, limatsutsa chiwerengero cha 1.5 miliyoni, ndipo limakumbutsa kuti Asilamu ambiri adafanso m'zaka zomwezo. Akatswiri ambiri ofufuza nkhaniyi sagwirizana nalo. Maiko oposa 30 adavomereza mwalamulo kuti chidali chiwembu chofafaniza mtundu. Uruguay idayamba mu 1965, France idakhazikitsa lamulo mu 2001, nyumba ya malamulo ya Germany idatero mu 2016, ya Portugal mu 2019, ndipo Joe Biden, yemwe panthawiyo adali mtsogoleri wa America, adagwiritsa ntchito mawuwa pa 24 Epulo 2021.

Pa mkangano wotere, funso lalikulu ndi la cholinga: kodi anthu adafa mwangozi paulendo wovuta, kapena ulendowo udakonzedwa kuti afe? N'chifukwa chake zomwe namwino wina adalemba ku Harput kumapeto kwa Juni 1915 zimawerengedwabe. Iye sankadziwa kuti nkhondo idzatha bwanji, ndipo mawu akuti genocide padalibe. Adangolemba zomwe ankaona ndi zomwe adazindikira.

Komwe amakumbukiridwa

Ku Yerevan, paphiri la Tsitsernakaberd, pali chipilala chokumbukira anthu amene adaphedwa, chomwe chidatsegulidwa mu 1967. Pa 24 Epulo anthu miyandamiyanda amakwera phirili kukaika maluwa mozungulira moto wosazima.

Ku Jbeil, mu 2015, pokwanitsa zaka 100 chichitikire zimenezi, pamalo a Chisa cha Mbalame padatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri ya ana amasiye, yotchedwa Aram Bezikian. M'nyumbayi muli zithunzi ndi zikalata zosonyeza ulendo wa anawo kuchokera kumidzi yawo, kudutsa m'chipululu, mpaka kufika m'nyumba zowalerera. Manda a Mayi Jacobsen ali pabwalo lomwelo. Ambiri amene amakawaona ndi zidzukulu ndi zidzukulutudzi za ana aja, zochokera ku Lebanon, Armenia, France, America ndi maiko ena komwe Aarmenia adabalalikira.